Kaumbidwe ka chifanizo cha 3D cha thanthwe kuchokera ku zithunzi za kamera wamba

Aliyense amene anaimapo m'munsi mwa phompho la miyala kampasi ili m'manja amadziwa mmene zimawawira kuona mng'alu wofunika kuuyeza uli mamita 12 pamwamba, pamene dzanja silingafike ndipo kukwerako n'kuika moyo pachiswe. Amadziwanso kuti khoma la mumgodi, kapena la pamene anadula phiri pokonza msewu, silikhalitsa, chifukwa likhoza kuphwanyidwa kapena kumatidwa simenti mwezi usanathe. Chifanizo cha 3D chimathandiza pa mavuto onse awiriwa. Mukakhala ndi kamera wamba, zoyezera zochepa ndi kompyuta yamphamvuko, mukhoza kubwerera ndi thanthwe lonse, n'kumalitembenuza pa sikirini, kuyeza kuchindikala kwa zigawo zake ndi kupendekeka kwa ming'alu yake mosathamanga. Komabe ndinene poyambirira kuti ubwino wa chifanizo umachokera ku miyendo ya wojambula pamalo pomwepo, ndipo n'chifukwa chake mbali yaikulu ya malangizo awa ikukamba zimene muyenera kuchita musananyamuke kuchoka pa thanthwelo.

Kuti malangizowa amveke, m'pofunika kudziwa chimene kompyuta imachita ndi zithunzi zanu. Mukamayenda m'mbali mwa phompho, mwala umene uli pafupi nanu umaoneka ngati ukusuntha msanga poyerekeza ndi khoma limene lili kumbuyo kwake, ndipo kusiyana kwa kasunthidwe kumeneku ndi kumene kumaulula kuti china chili pafupi, china chili kutali. Pulogalamu imafufuza m'chithunzi chilichonse timalo tozindikirika mosavuta, monga kadontho ka ndere, ngodya ya kamwala kapena polekezera mng'alu, n'kutipezanso m'zithunzi zina. Ikatero imawerengera nthawi imodzi pamene kamera inali pojambula chithunzi chilichonse, kumene inaloza, mmene lenzi yake imapotozera zinthu, komanso malo enieni a kadontho kalikonse. Njirayi imatchedwa Structure from Motion, mwachidule SfM. Kuyeza zinthu ndi zithunzi si luso latsopano, popeza Aimé Laussedat wa ku France analiyamba cha m'ma 1850, koma chimene chinalifikitsa kwa munthu wamba ndi njira ya SIFT yozindikirira timalo tofanana, imene David Lowe anaitulutsa mu 1999 n'kuifotokoza mokwanira mu 2004, pamodzi ndi ntchito ya Photo Tourism ya Noah Snavely, Steven Seitz ndi Richard Szeliski ya mu 2006. Akatswiri a miyala ndi a maonekedwe a nthaka anaigwira mwamphamvu kuyambira cha mu 2012.

Zida ndi kuwerengera musananyamuke

Kamera yabwino pa ntchito iyi ndi yokhala ndi sensa (kachipangizo kolandira kuwala m'kati mwa kamera) yaikulu ndi lenzi yosakoka, ya mamilimita 24 kufika 35 pa sensa yaikulu yotchedwa full frame, kapena 18 kufika 24 pa sensa yocheperako yotchedwa APS-C. Ngati lenzi yanu ndi yokoka, ipotozeni mpaka pothera pake n'kuimata ndi tepi kuti isasunthe tsiku lonse. Foni yamakono imagwiranso ntchito pa thanthwe laling'ono, bola mugwiritse ntchito lenzi yake yaikulu yokha, musakoke chithunzi ndi zala, ndiponso muzimitse zonse zimene zimakongoletsa chithunzi pochititsa chimbuuzi kumbuyo. Tengani batire lapadera, khadi yokwanira zithunzi mazana angapo, tepi yoyezera ya mamita 10 kapena kuposa, ndodo ziwiri kapena zitatu zolembedwa muyezo, thabwa losalala la mita imodzi mbali zonse, levulo ya madzi, kampasi yokhala ndi choyezera kupendekeka, choko, kope ndi chisoti cholimba.

Musanapite, sankhani kuti chinthu chaching'ono kwambiri chimene mukufuna kudzachiona m'chifanizo n'chachikulu motani, chifukwa yankho lake ndi limene likuuzeni mtunda woimapo. Masamu ake ndi afupi. Tiyerekeze kuti sensa yanu ndi ya mamilimita 23.5 m'lifupi ndipo ili ndi mapikiseli (timadontho topanga chithunzi) 6000 m'mbali imeneyo, kutanthauza kuti pikiseli imodzi ndi pafupifupi mamilimita 0.0039. Chulukitsani nambalayi ndi mtunda wochoka pa kamera kufika pa thanthwe, kenako mugawe ndi kutalika kwa lenzi, ndiko kuti mamilimita aja olembedwa pa lenziyo. Pa mtunda wa mamita 10 ndi lenzi ya mamilimita 24, pikiseli imodzi imaimira mamilimita 1.6 a mwala, ndipo chithunzi chimodzi chimatenga mamita 9.8 m'lifupi ndi 6.5 m'mwamba. Popeza chinthu chimazindikirika bwino chikatenga mapikiseli atatu kapena anayi, pa mtunda umenewu mudzaona ming'alu ya theka la sentimita, koma simudzaona mchenga umodziumodzi wa mumwala. Mukaima mamita 40, pikiseli idzaimira mamilimita 6.5, zimene n'zokwanira ngati cholinga chanu n'kutsatira zigawo zikuluzikulu basi.

Mukafika pa thanthwe

Musafulumire kutulutsa kamera. Yendani kaye kuchokera kumapeto ena kufika kwina, mukuona pamene khoma lalowa m'kati, pamene latuluka, pamene pali mitengo yotchinga, ndi pamene mungaponde osagwa. Yang'anani pamwamba ngati pali miyala yolendewera, ndipo ngati muli m'mphepete mwa nyanja yamchere dziwani nthawi imene madzi amadzaza. Munthu amene diso lake lili pa kamera amaiwala chimene chili kumbuyo kwa chidendene chake, choncho khazikitsani lamulo lakuti mwendo usasunthe kamera ili kumaso.

Kuwala kwabwino koposa ndi kwa tsiku la mitambo yoyererako, pamene mithunzi ilibe malire akuthwa. Dzuwa lowala limabweretsa mavuto awiri. Loyamba n'lakuti m'mithunzi yakuda mulibe chimene pulogalamu ingagwire, ndipo malo amenewo amatuluka mabowo. Lachiwiri n'lakuti mthunzi umayenda, kotero m'mphepete mwake, mmene pulogalamu imamutenga ngati chizindikiro chokhazikika, mumakhala pena m'chithunzi choyamba ndi pena m'chithunzi cha 200. Ngati mitambo kulibe, dikirani nthawi imene khoma lonse lili mumthunzi, kapena jambulani dzuwa lili kumbuyo kwanu n'kumaliza msanga, mkati mwa theka la ola ngati n'kotheka. Mwala wonyowa umanyezimira, ndipo kunyezimirako kumasuntha pamodzi ndi kamera, choncho mvula ikangokata muupatse mpata uume. Udzu ndi tchire zimene mungazichotse popanda kuwononga malo zichotseni, chifukwa tsamba logwedezeka ndi mphepo limasanduka phala losaoneka bwino m'chifanizo.

Kuika zoyezera

Zithunzi pazokha sizidziwa msinkhu wa chinthu, sizidziwa kumwamba, ndipo sizidziwa kumpoto. Pulogalamu ikhoza kuumba chifanizo cholondola m'maonekedwe onse, koma osatha kusiyanitsa phompho la mamita 30 ndi kamwala ka m'manja, ndipo nthawi zambiri imachitulutsa chitagona cham'mbali kapena chozondoka. Zinthu zitatuzi muyenera kuzibweretsa nokha, ndipo muziike musanajambule chithunzi choyamba.

Za msinkhu, goneka ndodo zanu zolembedwa muyezo kutali ndi kutali, ina chopingasa kumapeto amodzi, ina choimirira kumapeto ena. Kuposa pamenepo, lembani ndi choko mitanda ing'onoing'ono pa mwala, muipatse manambala, n'kuyeza ndi tepi mtunda wa pakati pake. Chifukwa chake n'chakuti kulakwitsa kwa mamilimita 2 pa ndodo ya mita imodzi kumakula n'kufika masentimita 12 pa thanthwe la mamita 60, pamene kulakwitsa komweko pa mtunda wa mamita 10 kumangofika sentimita imodzi ndi pang'ono. Yezani mitunda yosachepera itatu, ndipo umodzi muulembe padera kuti musadzaugwiritse ntchito pokonza chifanizo. Umenewo ndiwo udzakhale mboni yanu.

Za kumwamba ndi kumpoto, njira yapafupi ndi ya thabwa. Lembani pa thabwalo madontho atatu opanga ngodya ya madigiri 90: loyamba pakona, lachiwiri mita imodzi kuchokera pa loyamba, lachitatu mita imodzi chopingasa. Ligonekeni patsogolo pa thanthwe, muliike timiyala kunsi mpaka levulo isonyeze kuti lagona molingana mbali zonse ziwiri, ndipo mulizunguze mpaka mzere wa dontho loyamba ndi lachiwiri uloze kumpoto, lachitatu likhale kum'mawa. Mukatero madontho atatuwo ali ndi malo odziwika, m'mamita opita kum'mawa, kumpoto ndi kumwamba motsatana: loyamba ndi 0, 0, 0, lakumpoto ndi 0, 1, 0, ndipo lakum'mawa ndi 1, 0, 0. Lembani m'kope ngati kumpoto kwanu n'kwa kampasi kapena n'kwenikweni, chifukwa awiriwa amasiyana ndi madigiri angapo malinga ndi dera ndi chaka, ndipo kusiyanako mukhoza kukupeza pa chowerengera cha bungwe la NOAA la ku America.

Apa ndi pamene ndinapunthwapo ine mwini. Tsiku lina ndinagoneka thabwa pa mwala wakuda wolemera, ndinaika kampasi pamwamba pake, ndipo zonse zinaoneka zili m'malo. Nditayeza ming'alu m'chifanizo, yonse inaloza kosiyana ndi kumene ndinalemba m'kope ndili pamalopo, ndipo kusiyanako kunali kofanana paliponse, madigiri oposa khumi. Mwalawo unali ndi magnetite, amene anakoka singano ya kampasi. Kuyambira pamenepo ndimawerenga kampasi nditaimirira, ndikuloza m'mphepete mwa thabwa ndili patali pang'ono, n'kubwerezanso kuchokera mbali inayo. Nyundo, foni ndi misomali ya m'thabwalo zimakokanso singano chimodzimodzi.

Thanthwe likakhala lalikulu, kupitirira mamita 50 kapena apo, thabwa silikwanira, chifukwa kupendekeka kwa digiri imodzi kumasuntha mapeto a khoma la mamita 60 ndi mita yathunthu. Pamenepo pamafunika zizindikiro zoyezedwa ndi zida za akatswiri oyeza malo, monga total station (choyezera ngodya ndi mitunda) kapena GNSS (choyezera malo ndi masetilaiti). Zitatu ndiye zochepetsetsa zimene masamu amalola, koma ikani zisanu ndi zitatu kapena khumi, zomwazikana m'litali, m'mwamba ndi m'kuya, osati zondandalikana pa mzere umodzi m'munsi mwa khoma, chifukwa chifanizo chikhoza kuzungulira pa mzere wotero ngati chitseko pa mahinji ake. GPS ya m'foni kapena ya m'manja imalakwitsa ndi mamita angapo; ndi yabwino kusonyeza pamene thanthwe lili pa mapu, koma si yoyenera kuliimika nayo. Mukamaliza kuika zoyezera, pasakhale wozikhudza mpaka chithunzi chomaliza.

Kutchera kamera

Ikani kamera pakuti inu ndinu mukulamula zonse. Kabowo kolowera kuwala m'lenzi kakhale pa f/8 kapena f/11, kuti zapafupi ndi zakutali zonse zioneke zakuthwa. Mukapitirira f/16 chithunzi chimayamba kufewa. ISO, nambala ya mmene sensa imamvera kuwala, ikhale yotsika, 100 kufika 400, ndipo liwiro lotsekera lisachepere 1/250 ya sekondi ngati kamera ili m'manja. Kuwala kukachepa, ndi bwino kukweza ISO pang'ono kusiyana n'kulola chithunzi chogwedera, popeza phokoso la mapikiseli pulogalamu imalipirira koma kugwedera kumafufuta timalo timene ikufuna. Lozani pa khoma kuti lenzi igwire bwino, kenako zimitsani kudzigwirira kwake n'kusiya pomwepo. Zimitsaninso chida choletsa kugwedera ngati liwiro lanu ndi lokwanira, chifukwa chimasuntha galasi kapena sensa m'kati, ndipo pulogalamu imawerengera ngati kamera ndi yosasintha m'zithunzi zonse. Jambulani mu RAW, mtundu wa fayilo wosunga zonse zimene sensa yalandira, ngati kamera ikulola, kuti mudzathe kuwalitsa malo a mthunzi.

Kayendedwe pojambula

Lamulo lalikulu n'lakuti chithunzi chilichonse chijambulidwe pa malo atsopano. Cholakwa chimene ndimachiona kawirikawiri kwa oyamba kumene ndi kuima pamodzi, n'kumazungulira ndi kamera kumanzere ndi kumanja, n'kubwerera ndi zithunzi 40 zokongola zimene sizingaumbe kanthu. Kamera ikapanda kusuntha malo, zapafupi ndi zakutali sizisemphana, ndipo kuya kwa thanthwe kumabisika.

Yambirani kunja pang'ono kwa mapeto a thanthwe, mutayang'anizana ndi khoma. Jambulani, sunthani cham'mbali, imani nji, jambulaninso. Chithunzi chilichonse chibwereze magawo 70 kapena 80 pa 100 alionse a chinzake cham'mbuyo, kuti kadontho kalikonse ka mwala kaoneke m'zithunzi zosachepera zitatu, makamaka zisanu. M'chitsanzo chathu chija, pamene chithunzi chikutenga mamita 9.8, muzisuntha mamita awiri kapena atatu, ndipo khoma la mamita 60 lidzatenga zithunzi 20 kufika 30 pa ulendo umodzi. Ngati kuwerengera kukukuvutani, sankhani mwala umene uli pakati pa chithunzi, n'kuonetsetsa kuti m'chithunzi chotsatira sunafike ndi theka lomwe la njira yopita m'mphepete. Pitirirani mapeto enawo ndi zithunzi ziwiri kapena zitatu, chifukwa m'mphepete mwa chifanizo ndi mmene mumafooka.

Ulendo umodzi sukwanira. Bwererani njira yomweyo kamera itapendekera kumanzere madigiri 20 kapena 30, kenako muyendenso itapendekera kumanja. Maulendo opendekerawa amagwira ntchito ziwiri. Amaona m'mbali mwa miyala yotuluka ndi m'kati mwa mipata, mmene chithunzi choyang'ana molunjika sichifika. Chachiwiri, chimene ambiri sachidziwa, n'chakuti zithunzi zikakhala zoloza mbali imodzi zonse, pulogalamu imalephera kusiyanitsa kupotoza kwa lenzi ndi kupindika kwa thanthwe, ndipo khoma lowongoka limatuluka lopindika ngati uta. Mike James ndi Stuart Robson analifotokoza vutoli mu 2014, n'kusonyeza kuti zithunzi zolozerana zimalichepetsa kwambiri. Kupindikaku n'koopsa chifukwa sikuoneka ndi maso, koma kumasintha kupendekeka kumene mudzayeze kumapeto kwa khoma. Onjezaniponso zithunzi zingapo kamera itaimirira m'malo mogona, zimene zimathandiza pulogalamu kuidziwa bwino lenzi.

Sinthaninso msinkhu wa kamera. Jambulani ulendo wina mutagwada ndi wina kamera ili pamwamba, pa mtengo wautali kapena mutaima pa chitunda choyang'anizana ndi khomalo. Malo athyathyathya oyang'ana kumwamba, monga pamwamba pa masitepe a mwala, saoneka kwa munthu woima pansi, ndipo pa phompho lalitali palibe chingalowe m'malo mwa droni. Ngati mulibe, vomerezani kuti malo amenewo adzakhala mabowo, ndipo musadzalole pulogalamu kuwatseka n'kukunamizani kuti munawaona.

Pa ngodya, pamene khoma likhota, yendani mozungulira ngati uta, mukujambula pa madigiri 10 kapena 15 alionse. Mukalumpha madigiri 30 kapena kuposa, mwala womwewo umaoneka wosiyana kwambiri moti pulogalamu siuzindikira, ndipo chifanizo chimaduka pawiri. N'chimodzimodzinso mukafuna kuyandikira malo ena ofunika: musachoke pa mamita 10 n'kufika pa mita imodzi kamodzin'kamodzi. Jambulani pa mamita 7, pa 5, pa 3, pa 2, kuti zithunzi zapafupi zikhale ndi unyolo wozilumikiza ku zakutali. Thabwa ndi ndodo zoyezera muzijambule mwa njira yomweyi, kuchokera mbali zingapo, mpaka manambala ake awerengeke. Pomaliza bwererani m'mbuyo mujambule zithunzi zisanu kapena khumi zotenga thanthwe lonse, zimene zimamanga zina zonse pamodzi.

Musanachotse zoyezera, khalani pansi muziyang'ane zithunzizo pa kamera, mukukulitsa zina kuti muone ngati zili zakuthwa. Kenako tengani kampasi muyeze ndi manja malo asanu kapena khumi amene mungawafikire, zigawo ndi ming'alu yomwe, mukulemba nambala ndi choko pa alionse n'kuwajambula. Lembaninso mtundu wa mwala, kukula kwa timibulu take ndi zimene zadzaza m'ming'alu, pakuti zimenezi chifanizo sichidzakuuzani.

Pa kompyuta

Koperani zithunzi m'malo awiri musanachite china chilichonse. Tayani zogwedera ndi zimene munthu kapena chikwama chatchinga. Ngati munajambula mu RAW, zisandutseni JPEG yapamwamba kapena TIFF, mukuwalitsa mithunzi mofanana pa zonse, koma musazidule, musazizunguze ndipo musalole pulogalamu yokonzera zithunzi kuwongola kupotoza kwa lenzi. Zolembedwa za EXIF, zimene zimanena mtundu wa kamera ndi kutalika kwa lenzi, zisafufutike, ndipo pa chifukwa chimenechi musatumizirane zithunzizo pa WhatsApp mwa njira ya masiku onse, imene imazichepetsa n'kuchotsa zolembedwazo.

Mapulogalamu alipo ogula ndi aulere. Agisoft Metashape, imene kale inkatchedwa PhotoScan, ndi imene akatswiri a miyala ambiri amagwiritsa ntchito, ndipo mtundu wake wa Professional ndi umene umalola kulowetsa zizindikiro ndi miyezo. Mwa aulere muli Meshroom, yosavuta kwa woyamba, ndi COLMAP, imene Johannes Schönberger ndi Jan-Michael Frahm anaifotokoza mu 2016. Onse awiriwa amafuna khadi ya zithunzi ya NVIDIA kuti afike pa gawo la madontho ochuluka lofotokozedwa m'munsimu. Pa zithunzi 200 kapena 300, kompyuta ya RAM ya 16 GB imakwanitsa.

Mayina a mabatani amasiyana, koma ndondomeko ndi imodzi. Gawo loyamba ndi kulumikiza zithunzi, limene mu Metashape limatchedwa Align Photos, ndipo lichitidwe pa High kuti zithunzi ziwerengedwe pa kukula kwake kwenikweni. Zotsatira zake ndi mtambo wa madontho apatalipatali pamodzi ndi timakona tosonyeza pamene kamera inali. Apa imani muyang'anitsitse, chifukwa cholakwika chilichonse cha pano chimalowa m'magawo onse otsatira. Timakonato tiyenera kundandalikana monga munayendera. Ngati kena kali m'mwamba kapena m'kati mwa khoma, chithunzi chimenecho chalumikizika molakwika ndipo chichotsedwe kapena chilumikizidwenso. Onani kuti ndi zingati zimene zalephera, ndipo ngati zalephera motsatizana, dziwani kuti pamenepo munalumpha kwambiri. Nambala yotchedwa reprojection error, yosonyeza mmene madontho owerengeredwa akuphonyera malo awo m'zithunzi, ikhale pansi pa pikiseli imodzi. Fufutani madontho oyandama kutali ndi khoma, ndi amene pulogalamu ikusonyeza kuti ndi okayikitsa, pang'onopang'ono, mukuilamula kuwerengeranso makamera pakatha kufufuta kulikonse.

Ino ndiyo nthawi yolowetsa zoyezera. Pezani dontho lililonse la pathabwa ndi mtanda uliwonse wa choko, muziloze mosamala m'zithunzi zosachepera zitatu, mutakulitsa chithunzi mpaka mapikiseli aoneke. Lembani malo a madontho a pathabwa ndi mitunda ya tepi, kusiyapo uja munausunga padera. Ngati pulogalamu yanu ilibe zimenezi, pitirirani mpaka kumapeto, ndipo mudzachite gawoli mu CloudCompare, pulogalamu yaulere imene ili ndi chida cholumikiza madontho a m'chifanizo ndi manambala amene mwalemba.

Kenako pulogalamu imawerengera kuya kwa pikiseli iliyonse n'kutulutsa mtambo wa madontho ochuluka, nthawi zambiri mamiliyoni makumi angapo. Ili ndilo gawo lodya nthawi. Mu Metashape, Ultra High imagwiritsa ntchito chithunzi chathunthu, High imachichepetsa kawiri mbali iliyonse, ndipo Medium kanayi. Ine ndimayamba ndi Medium kuti ndione mabowo ndi zolakwika msanga, ndipo kawirikawiri High imandikwanira pomaliza. Musanayambe, chepetsani bokosi la malire kuti litenge thanthwe lokha, ndipo phimbani thambo m'zithunzi ngati likusiya mphonje zoyera pamwamba pa khoma. Mukayeretsa mtambowo pochotsa tchire ndi zinyalala, umbani ukonde wa timakona tatatu tolumikiza madonthowo, kenako muuveke zithunzi kuti uoneke ngati mwala weniweni. Chenjerani ndi chovala chimenechi, pakuti chimakongoletsa ngakhale ukonde wosalongosoka. Chivuleni kaye muone ukonde wosavala, ndipo malo amene aoneka osalala ngati sera yosungunuka ndi amene pulogalamu yangoganizira.

Kutsimikiza ndi kuyeza

Tsopano itanani mboni zanu. Yezani m'chifanizo mtunda uja munausunga padera, muuyerekeze ndi wa m'kope. Pa thanthwe lojambulidwa pa mamita 10, kusiyana kwa sentimita imodzi kapena kucheperapo n'chizindikiro chabwino, pamene masentimita 10 akutanthauza kuti pena palakwika, kaya polozera madontho kaya powerenga tepi. Kenako tsegulani mtambo wa madontho mu CloudCompare, mugwiritse ntchito chida chotchedwa Compass, chimene Sam Thiele anachilemba, kuyeza malo aja munawalemba manambala ndi choko. Kusiyana kwa madigiri awiri kapena atatu n'kwachibadwa, popeza kampasi ya m'manja imagwira kachigawo kakang'ono ka mwala wa mabampu pamene kompyuta imatenga dera lokulirapo. Chofunika kuyang'ana ndi khalidwe la kusiyanako. Kukakhala kobalalika, kwina kuposa kwina kuchepera, palibe vuto. Kukakhala kofanana paliponse, chifanizo chonse chazungulira, ndipo mukhoza kuchibweza. Kukamakula pamene mukupita kumapeto a khoma, ndiye kupindika kuja, ndipo mankhwala ake ndi kuwonjezera zizindikiro zoyezedwa kapena kubwerera kukajambula zithunzi zopendekera.

Mboni zikavomereza, yambani kuyeza kumene dzanja silinafike. Chida cha Compass chimalola kugoneka kambale pa nkhope ya mwala yoonekera n'kuwerenga kupendekeka kwake ndi kumene kwaloza, komanso kutsatira mzere wa mng'alu podutsa pa khoma n'kuwerengera mmene mng'aluwo walowera m'kati. Njira yachiwiriyi imadalirika pokhapokha mzerewo ukukwera ndi kutsika pa mabampu kapena kukhota pa ngodya. Pa khoma losalala mng'alu umangooneka ngati mzere wowongoka, ndipo mzere umodzi wowongoka sungakuuzeni kumene mng'alu wapendekera. Poyeza kuchindikala kwa chigawo, yezani modula chigawocho molunjika, osati motsatira nkhope ya khoma. Kumbukiraninso kuti ming'alu yoyenda motsatana ndi khomalo imaoneka yochepa kuposa mmene ilili, choncho ngati thanthwe lili ndi nkhope ina yoyang'ana kwina, iphatikizeni. Manambala onse amatuluka mu fayilo ya CSV, imene mukhoza kuilowetsa mu Stereonet, pulogalamu ya Richard Allmendinger yosonyeza miyezo yotere pa chojambula chozungulira. Amene akufuna kujambula malire a zigawo pa chifanizo chachikulu amagwiritsa ntchito LIME, yochokera ku Bergen, kapena VRGS, imene David Hodgetts anaiyambitsa ku yunivesite ya Manchester.

Ngati chifanizo chanu chili pa manambala a UTM osonyeza malo pa mapu m'mamita, amene amafika mamiliyoni, CloudCompare idzakufunsani kuti ichotseko nambala yaikulu potsegula fayilo. Vomerani, chifukwa mukakana madontho amataya kulondola kwake ndipo khoma limaoneka la mizeremizere. Pulogalamuyo imabwezeretsa nambalayo posunga.

Sungani mtambo wa madontho mu fayilo ya LAZ kapena PLY, ndipo ukonde wovala zithunzi mu OBJ, pamodzi ndi mafayilo ake a MTL ndi a chithunzi m'foda imodzi, pakuti akasiyana chifanizo chimatseguka chotuwa. Poika pa intaneti, monga pa Sketchfab kapena pa V3Geo imene ndi ya zifanizo za miyala, pangani kope lopepuka la timakona ochepa, koma miyezo muzitenga pa lathunthu. M'foda yomweyo ikanimo zithunzi zoyambirira zosakhudzidwa ndi kafayilo kolemba tsiku, malo, kamera ndi lenzi, mtunda umene munaima, chiwerengero cha zithunzi, mitunda ya tepi, mtundu wa kumpoto umene munagwiritsa ntchito, ndi kusiyana kumene munapeza pa mboni zanu.